Musalande Mwana Buku Lace

Pali khalidwe loipa limene lafala pakati pa ife akulu ophunzira, makamaka makolo ndi aphunzitsi. Tikapeza mnyamata kapena mtsikana ali kuwerenga nkhani yopeka yolembedwera acinyamata, timlanda bukulo ndi kunena kuti ataya nthawi pa zacabe. M'malo mwace timpatsa Dickens kapena Shakespeare, ndipo pakutha pa sabata tidabwa kuona kuti mwanayo sawerenganso kanthu. Ine nditi mlandu uli pa ife, ndipo mboni zanga ndizo mabuku atatu amene ndawerenga motsatana miyezi yapitayi.

Loyamba ndi The Hunger Games, limene Suzanne Collins wa ku America anaturutsa mu 2008, ndipo ndilo mtundu weniweni wa mabuku amene akulu awanyoza. Linena za dziko la zigawo 12, kumene caka ndi caka cigawo ciri conse cikakamizidwa kupereka mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi, onse pamodzi ana 24, kuti akaphane pabwalo, olemera a mumzinda waukulu ali kuonerera pa wailesi yakanema monga aonerera gule. Maere atagwera Prim, mkulu wace Katniss, wa zaka 16, adzipereka kupita m'malo mwace. Bukuli liri nazo zirema zace: lithamanga kwambiri, ndipo nkhani ya cikondi imene iri m'katimo siinandigwire mtima. Komabe linandisiyira funso lolemera: kodi munthu wokhuta angathe bwanji kuonerera imfa ya mwana wa mnzace nasekerera? Ndani angati funso lotere ndi lacibwana?

Laciwiri ndi Great Expectations la Charles Dickens. Pip, mwana wamasiye, aleredwa m'nyumba ya mlamu wace Joe, mmisiri wosula zitsulo, munthu wosaphunzira koma wa mtima wabwino. Atalandira cuma cosadziwika kocokera, Pip apita ku London, nayamba kucita manyazi ndi Joe cifukwa ca zobvala zace ndi kalankhulidwe kace. Pambuyo pace azindikira kuti cumaco cinacokera kwa mkaidi wothawa amene iye anampatsa cakudya ali mwana. Powerenga pamenepa ndinakumbukira ana athu ambiri amene, atapita ku sukulu zapamwamba, safuna kuti anzao aone mai wao wa kumudzi.

Lacitatu ndi lathu lomwe, Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Linapata mphotho mu 1933, ndipo T. Cullen Young analitembenuzira m'Cingerezi mu 1934, nalicha Man of Africa. Litsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwace, kupyola unyamata wace wopulupudza, kufikira akhala mfumu ya mudzi. Cicewa cace n'cokoma ngati uci.

Tsono taonani, owerenga anzanga: mabuku onse atatuwa anena za mwana amene ali pamphambano, wofunika kusankha njira. Asiyana msinkhu ndi luso, ndipo ine sindikana kuti Dickens aposa Collins kutari. Koma tisaiwale kumene mabuku ochukawa anacokera. Great Expectations linaturuka pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, m'nyuzi yogulidwa ndi anthu wamba, kuyambira mu 1860 kufikira mu 1861, ndipo anthuwo analikuliwerenga cifukwa cofuna kudziwa cimene cidzaoneka sabata yamawa. Treasure Island la Robert Louis Stevenson linayamba kuoneka mu 1881 m'nyuzi ya ana yochedwa Young Folks. Buku limene lero tiliika pamayeso, dzulo linali la ana ndi la anthu a pamsika.

Ena adzati: "Kodi tileke ana adye madeya pamene ufa woyera ulipo?" Madeya alipodi, ndipo ambiri mwa mabuku a acinyamata adzaiwalika msanga. Koma kodi mwana adzadziwa bwanji kusiyanitsa madeya ndi ufa ngati sanalawe zonse ziwiri? Khanda liyamba ndi phala, ndipo palibe mai wanzeru amene alimana phalalo cifukwa cakuti nsima ndiyo ikhalitsa m'mimba. Mwana amene watsiriza yekha buku la masamba mazana atatu, popanda womuopsa ndi mkwapulo, waphunzira kale cinthu cobvuta koposa, ndico kukhala pansi ndi kudekha. Mau a akulu akoma akagonera. Dickens nayenso adzamkomera nthawi yace ikakwana.

Cifukwa cace ndipempha makolo ndi aphunzitsi kuti, mukaona buku m'manja mwa mwana, mulibwereke mwaulemu akatha iye, muliwerenge inunso, kenaka mumfunse cimene cinamkondweretsa ndi cimene cinamkwiyitsa. Akachula Katniss, inu mumuuze za Pip. Akafuna nkhani ya kwathu, muike Nthondo pamphasa yace osanena zambiri. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma mukamcotsa m'dziwe lace loyamba asanadziwe kusambira, sadzafika konse ku nyanja, ndipo mabuku akuluakulu amene tiwatamawo adzatsala m'kabati, cakudya ca ciswe ndi mphemvu.