Lekani kujambula miimba ngati afiti

Caka ciliconse, dzuwa la Okutobala likayamba kuwamba cigwa ca Luangwa, anzathu a ku Lusaka ndi ku Chipata amatsikira kuno ku Mfuwe ndi mafoni ndi makamera. Akabwerera, Facebook imadzala mikango ndi anyalugwe. Miimba, imene ena mumati makubi, ikaonekako, cithunzi cake n'cimodzi cabe: mutu uli m'mimba mwa mtembo, khosi lili magazi okhaokha, pansi pake mawu onyoza andale kapena acibale olimbirana katundu wa maliro. Ife okhala pafupi ndi mbalamezi tatopa naco cithunzi cimeneci.

Mudzati kamera siinama. Inde, koma wogwira kamera amasankha. Muimba umadya kanthawi kocepa. Ukakhuta umapita kukasamba, kenaka umaima pamcenga wa mumtsinje n'kutambasula mapiko kudzuwa, uli phee. Pacisa, pamwamba pa mtengo wautali, waukazi ndi wamwamuna amasinthana kufungatira dzira limodzi lokha pacaka. Zonsezi mumaziona kuno, koma simuzijambula, cifukwa munabwera mutaweruza kale kuti iyi ndi mbalame ya malodza.

Nkhaniyi si ya kukongola cabe. Mu 2015 bungwe la IUCN linaika muimba wa msana woyera, umene timauona kwambiri mu South Luangwa, pagulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Opha njovu mozemba amathira poizoni pamtembo, cifukwa miimba ikamazungulira kumwamba imaulula malowo kwa asilikali a nyama. Mu 2019 ku Botswana miimba 537 inafa motero pa nthawi imodzi, ndipo m'cigwa cathu cino zotere zinacitikapo. Mkango umodzi ukafa ndi poizoni, dziko lonse limalira. Miimba ikafa mulu, kuli zii. Ndani angalire cinthu cimene anaphunzitsidwa kunyansidwa naco?

Koma ikatha, olira tidzakhala ife a ku Mambwe. Cigwa cino cimadziwa anthrax. Mu 2011 anthu ambiri ku Chama anadwala atadya nyama ya mvuu zofa zokha, ena anamwalira. Miimba imatha mtembo m'maola ocepa, ndipo m'mimba mwake tizilombo ta matenda timafa. Ku India, mankhwala a ng'ombe ochedwa diclofenac atapulula miimba, mitembo inayamba kuolera poyera, agalu osokera anaculuka, ciwewe cinakula. Pamene boma linaletsa mankhwalawo mu 2006, miimba inali itatsala pang'ono kutha.

Ndiye manje, mukabwera, citani izi. Lawirirani m'mawa, kuwala kukali kofewa, miimba isanakwere ndi mphepo yotentha. Funani umodzi wokhala paokha panthambi youma. Lunjikani pa diso, osati pa mtembo, ndipo dikirani utembenuke. Mudzaona nkhope ya mbalame yoleza mtima, osati ya mfiti. Musatuluke m'galimoto, musaponye nyama kuti ibwere pafupi, musayandikire cisa. Mukajambula cisa muli patali, musalembe malo ake pa intaneti, cifukwa alipo ofuna mitu ya miimba kuti akacitire mankhwala. Mukapeza miimba yakufa pamalo amodzi, musakhudze kanthu: jambulani, uzani wokutsogolerani ndi a DNPW msanga.

Ena adzati magazi ndiwo amabweretsa ma like. Mwina n'zoona. Koma ngati luso lanu lonse ndi kubwereza cithunzi cimene anthu zikwi anajambula kale, kamerayo munagulira ciani?

Ife a wailesi tili ndi mawu cabe. Tingalankhule mpaka mawu kusasa, koma womvera sangaone diso la muimba. Inu muli ndi makamera. Loweruka loyamba la Seputembala ndi tsiku lokumbukira miimba padziko lonse. Likamafika, tionetseni muimba wosamba, woothera dzuwa, wolera mwana wake.