Nkhosa yakuda siyotaya ayi

Alimi anzanga, chisanu cha June ndi July ku Misuku ndi ku Mafinga mukuchidziwa. Chikafika, tonse timathamangira pa kaunjika kukalimbirana majuzi. Kodi nkhosa sizingatifunditse?

Tinene zoona. Nkhosa zathu zamakolo za mchira wamafuta zili ndi ubweya waufupi ngati wa mbuzi, wosatheka kupota. Za Dorper zochokera ku South Africa nazonso ndi za nyama. Koma ku Namibia kuli nkhosa za Karakul, za mchira wamafuta ngati zathuzi, zomwe zidafika kumeneko mu 1907. Ubweya wake wakuda, wotuwa ndi wofiirira amalukira makapeti, ena osathira utoto mpang'ono pomwe. Ku zilumba za Shetland ku Scotland, nkhosa zawo zakalekale zili ndi ubweya wa maonekedwe 11, ndipo zina amangozisosola ndi manja zikayamba kuthothoka.

Kukonza ubweya sikufuna fakitale. Metani nkhosa ili youma. Chotsani ndowe ndi chisoso, kenaka sankhani: wakuda paokha, woyera paokha. Viikani m'madzi otentha a sopo kuti mafuta asungunuke, koma musafikise ngati mukuchapa malaya, chifukwa ubweyawo umagwirana nkusanduka chimtanda chosamasuka. Tsukuluzani ndi madzi otentha chimodzimodzi, yanikani pa thandala pamthunzi. Ukauma mudzaona kuti wapepuka, poti mafuta ndi dothi zachoka. Umasuleni ndi zala, upeseni, ndipo mupote pa kamtengo monga makolo athu ankapotera thonje.

Pempho langa kwa alangizi a ziweto ndi ili: yesani nkhosa za ubweya zochepa ndi makalabu a alimi kumapiri kozizirako. Ena adzati mvula ya ku Misuku imaoletsa ziboda, komanso njoka za m'mimba sizizichitira chisoni nkhosa zachilendo. Akunena zoona. Nchifukwa chake ndikuti tiyambe ndi zochepa, m'khola la m'mwamba louma, tione chaka chimodzi kapena ziwiri tisanauze mlimi kuti agulitse mbuzi zake.

Koma tisataye nkhosa zamakolo pokweretsa mwachisawawa. Zimapirira chilala ndi matenda popanda mankhwala ambiri, ndipo chikopa chake chamawanga chikafufutidwa bwino ndi chokhalira chofunda. Mtundu ukatha m'khola, simungakaugule m'sitolo. Ndipo nkhosa za ubweyazo zikadzafika, kamwana kakuda musathamangire kukapha. Kadzakupulumutsani ndalama ya utoto.