Dzuwa liripo, akusowa ndi amisiri

M'cigawo ca Tete muli damu lalikulu la Cahora Bassa, pa mtsinje wa Zambezi. Damuli linatha kumangidwa mu 1974, ndipo magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa. Mawaya a EDM anafika pa Furancungo, likulu la Macanga, ndi pa likulu la Tsangano. Koma m'midzi yambiri yakutali, dzuwa likalowa, ana amawerenga ndi kanyali ka parafini kapena pafupi ndi moto.

Kukoka mawaya m'mapiri mpaka mudzi uliwonse kumadya ndalama zambiri. N'cifukwa cake mabanja ena amagula sola. Sola imatenga mphamvu ya dzuwa masana ndi kuisunga m'batire. Usiku batire limayatsa mababu, wailesi ndi kudzaza foni.

Bvuto limabwera sola ikafa. Mlimi wa fodya ku Macanga kapena wa mbatatesi ndi tirigu ku Tsangano amagula sola pamsika atagulitsa zokolola. Wogulitsa samuuza kuti batire likamathedwa moto wonse masiku onse, limafa msanga. Pakapita miyezi yocepa, m'nyumba muli mdima. M'mudzi mulibe woikonza. Ndalama za caka cathunthu zapita, ndipo anansi amati sola ndi bodza.

Boma la Moçambique linakhazikitsa FUNAE mu 1997 kuti ifikitse mphamvu kumidzi. Mu 2018 linalonjeza kuti pofika 2030 anthu onse adzakhala ndi magetsi. Lonjezo ili ndi labwino. Koma zipangizo pazokha sizikwanira. Boma liyenera kuphunzitsa anyamata ndi atsikana a m'midzi momwemo nchito ya sola.

Maphunzirowa akhale a mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya manja: kuika sola padenga moyang'ana kumpoto, kulumikiza mawaya, kuyeza batire ndi kuzindikira katundu wacinyengo. Mbali yaciwiri ndi ya malonda: kuwerengera mtengo, kulemba ngongole m'buku, kusiyanitsa phindu ndi mpamba, ndiponso kugwirizana ndi mlimi kuti azilipira pang'onopang'ono kapena pa nthawi yokolola.

Ena amati malonda ndi nkhani ya mwini wake, boma lingopereka ngongole basi. Koma anthu akukumbukira ndalama zija zinayamba mu 2006, pamene boma linkapereka mameticais 7 miliyoni ku distirito iliyonse. Ambiri amene anakongola sanabweze. Ndalama zopatsidwa kwa munthu wosadziwa kuyendetsa malonda zili ngati mbewu yofesedwa pathanthwe. Maphunziro ayambe, ngongole itsatire.

IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa nchito zamanja, lingathe kutumiza aphunzitsi ku Furancungo ndi ku Tsangano m'cilimwe, pamene nchito ya kumunda yacepa. Aphunzitse m'Cinyanja, cifukwa ndico cinenero cimene wogula ndi wogulitsa amalankhula pamsika. Atsikana asasiyidwe, pakuti ndiwo amabvutika kwambiri ndi utsi ndi mdima wa m'khicini.

Mmisiri wa m'mudzi sangathawe ndi ndalama za mnansi wake, cifukwa mawa adzakumana naye kudimba. Sola ikafa, amabwera pa njinga tsiku lomwelo. Iye amapeza ndalama kwawo osapita kukafuna ganyu ku Tete kapena ku Malawi, ndipo mwana wa sukulu amatsiriza nchito yake usiku pa kuwala kwa babu.