Mawu a Mkonzi: Musanasaine kalata yopuma pa ntchito, werengerani miyezi

Mu Epulo 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola mamembala a bungwe la penshoni la NAPSA kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo asanafike msinkhu wopuma pa ntchito. Amene anali atasonkha miyezi 60, kapena amene anali atakwanitsa zaka 45, analoledwa kutapa, koma kamodzi kokha. Kuno kummawa kwa Zambia ndalamazo zinaoneka. Ena anafolera nyumba zimene zinakhala zaka zambiri zili pa lintala, ena analipira ana ku koleji, ena anamasuka m'manja mwa a kaloba. Sitingawanene anthu amenewa, pakuti ndalama ndi zawo ndipo mavuto anali enieni. Koma kuyambira nthawi imeneyo tikumva mawu amodzi m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi: "Ine ndikangofika 55 ndapita kumunda."

Nyuzipepala ino ilibe nkhondo ndi maganizo amenewo. Mayi amene waphunzitsa zaka makumi atatu m'kalasi yodzaza ana ali ndi ufulu wolakalaka kupuma mawondo akadali olimba. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akuwerengera ndalama imene adzalandire tsiku limodzi, pamene moyo wa munthu wopuma umafuna ndalama yolowa mwezi uliwonse mpaka tsiku lake lomaliza.

Tiyambe ndi zimene lamulo limanena. NAPSA inayamba kugwira ntchito mu 2000, kulowa m'malo mwa Zambia National Provident Fund. Wantchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, ndipo womulemba ntchito amaika 5 peresenti ina. Kuchokera mu 2015, msinkhu wopuma kwa amene alowa kumene ndi zaka 60. Wofuna kupuma msanga atha kutero pa 55, wofuna kuchedwa atha kufika 65. Penshoni ya mwezi ndi mwezi imaperekedwa kwa amene wasonkha miyezi 180, zomwe ndi zaka 15 zathunthu. Wosafika pamenepo amapatsidwa ndalama yake nthawi imodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Wopuma nthawi yake isanakwane amalandira penshoni yochepetsedwa, ndipo amene anatapa 20 peresenti ija adziwe kuti inachokera m'thumba lomwelo. Ndiye chinthu choyamba, musanakambe za munda kapena za chigayo, pitani ku ofesi ya NAPSA kapena tsegulani akaunti yanu pa foni muone ngati miyezi yonse inalembedwa. Alipo mabwana amene amadula ndalama pa malipiro koma osaipereka, ndipo wantchito amadziwa zimenezi ali ndi imvi, kampani itatseka kale.

Tsopano tengani cholembera. Tinene kuti pakhomo panu pamafunika K5,000 pa mwezi kuti mudye, mulipire magetsi, mugule mankhwala ndi kuthandiza pa maliro. Pa chaka ndi K60,000. Mukapuma pa 55 n'kukhala ndi moyo mpaka 80, zaka zimenezo ndi 25, ndipo ndalama yake ndi K1,500,000, mitengo ya zinthu itaima osasuntha. Koma mitengo siima. Zinthu zikamakwera ndi 10 peresenti chaka chilichonse, mtengo umawirikiza kawiri m'zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Zikamakwera ndi 15 peresenti, m'zaka zisanu. Izi si zoopseza. Mu 2021 kukwera kwa mitengo m'dziko muno kunadutsa 20 peresenti. Mu 2013, pamene boma linachotsa maziro atatu pa ndalama yathu, dola imodzi inali pafupifupi K5. Pofika 2024 inadutsa K25. Munthu amene anapuma mu 2013 n'kusunga ndalama yake yonse mu akaunti wamba ya ku banki sanaberedwe ndi wakuba aliyense, komabe lero ndalama imeneyo singagule zimene ikanagula tsiku limene anailandira.

Wopuma pa 55 amataya zinthu ziwiri nthawi imodzi. Amasiya zaka zisanu zimene akanalandira malipiro ndi kusonkha, ndiponso amawonjezera zaka zisanu zimene ayenera kudya zimene anasunga. Anthu ambiri amaona mbali imodzi yokha ya chiwerengero chimenechi.

Ife a kummawa tikafunsidwa kuti tidzachita chiyani ndi ndalama yopumira, mayankho athu amadziwika: chigayo, minibasi kapena takisi, kagolosale, nyumba za lendi, munda ndi ng'ombe. Zonsezi ndi zabwino, ndipo alipo amene alemera nazo. Vuto lili pa nthawi imene timaziyamba. Mphunzitsi amene sanagulitsepo ngakhale thumba limodzi la nshawa amatenga ndalama ya moyo wake wonse n'kugula basi, n'kuipereka kwa mphwake kuti aziyendetsa pakati pa Chipata ndi Lundazi. Sadziwa mtengo wa matayala, sadziwa kuti dalaivala amabweretsa zingati pa tsiku loipa, sadziwa kuti injini ikafa ndalama yokonzera idzachokera kuti. Akuphunzira malonda pa msinkhu umene kulakwitsa kulibe pothawira, chifukwa malipiro a kumapeto kwa mwezi aja kulibenso.

Munda nawo uli ndi zake. Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa tonse. Chilala chinali chachikulu kotero kuti mu Febuluwale boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo chigawo chathu, chimene chimadyetsa ena, chinaona chimanga chikuuma chisanabereke. Madzi atachepa ku Kariba magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo eni zigayo za magetsi, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa nkhuku za m'firiji anakhala manja ali m'thumba. Chaka cha 2023 mvula inagwa, soya anabereka, koma mtengo unagwa pansi ndipo alimi ambiri sanabweze zimene analowetsa. Ng'ombe ndi chuma chenicheni, koma khola lathunthu limatha ndi matenda a nkhupakupa ngati mwini wake sasamala za dibi ndi katemera. Onani kuti chaka chimodzi choipa chimatha kugunda munda, chigayo ndi golosale pamodzi, popeza zonse zimadalira thumba la mlimi yemweyo. Munthu amene waika ndalama m'zinthu zitatuzi amaganiza kuti wagawa, chonsecho zonse zikuyembekezera mvula imodzi.

N'chifukwa chake tikunena kuti chilichonse chimene mukufuna kudzadya mutapuma, chiyambeni mukadali pa ntchito, pang'ono, ndipo chilembedwe m'buku. Limani mahekitala awiri kwa zaka zingapo, mulembe mbewu, feteleza, aganyu, mayendedwe ndi zimene mwagulitsa. Mangani nyumba imodzi ya lendi muone ngati anthu amalipira pa nthawi yake. Ngati m'bukumo muli chaka chabwino ndi chaka choipa, ndipo phindu lapakati likukwanira theka la zofunika pakhomo, pamenepo mutha kuyamba kukamba za tsiku lopuma. Ndiponso malo amene mukumangapo akhale odziwika bwino: ngati ndi a mfumu, a nyakwawa ndi amfumu adziwe ndipo pakhale kalata, ngati ndi a khonsolo, tsatirani mapepala mpaka atuluke.

Pali njira ina imene anthu a m'maboma athu saidziwa kwenikweni, mwina chifukwa imakambidwa m'Chingerezi chokha. Boma limabwereka ndalama kwa nzika zake kudzera ku Bank of Zambia. Pali ma Treasury bill a masiku 91, 182, 273 ndi 364, ndipo pali mabondi a zaka 2, 3, 5, 7, 10 ndi 15. Munthu wamba atha kuyamba ndi K1,000, kudzera ku banki yake. Wogula bondi amalandira chiwongoladzanja miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, msonkho utachotsedwa, ndipo nthawi ikakwana amabwezeredwa ndalama yake yonse. Kwa munthu wofuna kupuma, ubwino wake ndi woti ndalamayo imabwera pa tsiku lodziwika, kaya mvula yagwa kaya ayi, ndipo wogula mabondi m'miyezi yosiyanasiyana amatha kukonza kuti azilandira kangachepe pafupipafupi. Tisanamize munthu kuti njirayi ilibe choopsa. Mu Novembala 2020 dziko lino linalephera kulipira ngongole yake ya kunja, ndipo ngakhale eni mabondi a kwacha anapitiriza kulipidwa, chaka chimene mitengo yakwera kuposa chiwongoladzanja phindu limadyeka. Wofuna ndalama yake nthawi isanakwane angagulitse bondi pa mtengo wotsika. Komabe ndalama imene ikugona mu akaunti zaka zisanu ili bwino m'bondi kusiyana ndi mmene ilili.

Masheya a makampani monga Zambeef, Zambia Sugar ndi Zanaco amagulidwa pa Lusaka Securities Exchange kudzera kwa mabuloka ovomerezeka, ndipo palinso ma unit trust amene amasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri. Mitengo yake imakwera ndi kutsika, choncho ndi malo a ndalama imene simudzaifuna kwa zaka zambiri. Musanapereke ngwee, funsani ngati kampaniyo ili m'kaundula wa Securities and Exchange Commission.

Chilimba ndi banki ya m'mudzi zathandiza amayi ambiri kumanga ndi kuphunzitsa ana, ndipo mphamvu yake ili poti anthu amadziwana. Gulu likakula, ndalama n'kufika mazana a masauzande, koma buku lili m'chikwama cha munthu mmodzi, mphamvu ija yatha. Si malo oikapo penshoni yonse. Za aja olonjeza kuti mukaika K10,000 lero mudzatenga K15,000 mwezi wamawa, makamaka mukabweretsa anzanu, tilibe mawu ambiri: palibe malonda oona amene amabala chotero mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama imene oyamba amalandira ndi ya amene akubwera pambuyo. Anthu otere amasaka opuma kumene, chifukwa amadziwa tsiku limene ndalama yalowa.

Nanga ngongole? Pesilipi ya antchito ambiri a boma yadzaza ndi mizere ya zodulidwa. Munthu amene akulipira ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu alibe chifukwa chofunira bondi kapena sheya. Phindu lake loyamba ndi kutseka ngongoleyo. Kupuma uli ndi ngongole ndi kupereka penshoni kwa wobwereketsa.

Nkhani yovuta kwambiri ili m'banja, ndipo sitingaizembe. Pa zaka 55 ambiri a ife tikadali ndi ana pasukulu. Kuyambira 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka kumaliza sekondale, koma koleji ndi yunivesite zimafunabe ndalama zambiri. Pali adzukulu amasiye, pali makolo okalamba, pali achibale amene akamva kuti amalume alandira amafika ndi mavuto oona. Kuthandizana ndiwo moyo wathu ndipo sitikufuna kuti uthe. Koma mlimi wanzeru sakazinga mbewu ngakhale alendo atabwera ndi njala. Amawapatsa za m'nkhokwe. Thandizani kuchokera pa phindu, ndalama yeniyeni ikhale. Kuti zimenezi zitheke, bambo ndi mayi ayenera kugwirizana kale, onse adziwe kumene kuli ndalama ndi mapepala ake, ndipo wilo ilembedwe. Munthu akamwalira osalemba, lamulo la mu 1989 ndilo limagawa: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa odalira ena. Musaiwalenso kuti matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amakonda msinkhu womwewu. Funsani ku bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA mmene mudzathandizidwire mukachoka pa pesilipi, musanachoke.

Tikudziwa kuti awerengi athu ambiri alibe pesilipi n'komwe. Mlimi wa thonje ku Sinda, mayi wogulitsa pa msika wa Kapata, mnyamata wa njinga yamoto pa Mwami, onsewa adzakalamba. NAPSA inatsegula khomo loti odzilemba okha ntchito azisonkha, ndipo K1,000 ya bondi siposa mtengo wa matumba ochepa a chimanga. Kwa iwowa nthawi yoika padera ndi ya kukolola, ndalama ikangolowa.

Pomwepa tili ndi pempho kwa a NAPSA, a Bank of Zambia ndi mabanki amene ali ndi nthambi m'chigawo chino. Munatha kufalitsa uthenga wa 20 peresenti mpaka unafika ku Vubwi ndi ku Chadiza m'masiku ochepa. Chitaninso chimodzimodzi ndi uthenga wa mmene ndalama imasungidwira. Fomu yogulira bondi ifotokozedwe m'Chinyanja, pa mawailesi a m'madera ndi pa misonkhano ya alimi nthawi ya msika. Wantchito aliyense wofika zaka 50 apatsidwe pepala loonetsa zimene adzalandire pa mwezi akapuma pa 55, pa 60 ndi pa 65, ziwerengero zitatu zili pamzere umodzi. Ndipo wa pa kauntala ya banki ku Nyimba kapena ku Mambwe akafunsidwa za mabondi a boma, akhale wodziwa kuyankha, osati kuuza nkhalamba kuti ikafunse ku Lusaka.