Miphakati ya Ambuye Kalilombe tayisandutsa malo otolerapo ndalama

Mwezi wa Malichi ukafika timakumbutsana za kalata ya aepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndipo nkoyenera kutero. Kalata ija inamasula anthu pakamwa. Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko muno chifukwa cha iyo, ndipo patangotha chaka ndi miyezi itatu Amalawi anakaponya voti pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Koma alipo episkopi wina amene analawa ukali wa boma la Kamuzu kutatsala zaka 16 kuti kalatayo ilembedwe, ndipo dzina lawo silimveka kawirikawiri pa maguwa athu. Amenewa ndi Ambuye Patrick Kalilombe. Kuiwalika kwa dzina lawo kukundipweteka, koma chikundipweteka kwambiri ndi mmene tachitira ndi ntchito imene anavutikira.

Ambuye Kalilombe anabadwira ku Mua, m'boma la Dedza, m'chaka cha 1933. Anakhala Mmalawi woyamba kulowa chipani cha ansembe a White Fathers, anadzozedwa unsembe mu 1958, anakaphunzira Malembo Oyera ku Rome, kenaka anadzaphunzitsa ndi kutsogolera seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji. Mu 1972 anakhala episkopi wa Lilongwe. Munthu wophunzira chotere akanatha kukhala phee m'nyumba ya episkopi, nkumayenda m'maparishi kukapereka Ulimbitso, anthu nkumawagwadira mpaka ukalamba. Iwo anayitanitsa sinodi ya dayosizi, imene inayenda kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo anafuna kuti akhristu eni ake, alimi, amayi a m'midzi, akatekisiti ndi achinyamata, anene okha mmene mpingo wawo uyendere. Maganizo awo anali akuti wansembe mmodzi sangathe kukhala mpingo wonse m'parishi ya midzi mazanamazana, ndipo ngakhale akanatha, si mmene ziyenera kukhalira. Mabanja oyandikana azikumana, aziwerenga Mawu a Mulungu, azisamala odwala ndi amasiye awo, azikambirana mavuto a pamudzi pawo ndi kupeza chochita. Imeneyo ndiyo miphakati, imene ena amayitcha malimana. Mu 1976 aepiskopi a m'bungwe la AMECEA anagwirizana kuti timagulu totere tikhale patsogolo pa ntchito ya ubusa m'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Africa.

Boma la chipani chimodzi linaimva nkhaniyi msanga kuposa akhristu ambiri a lero. Inali nthawi imene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi ya chipani, nthawi imene a Mboni za Yehova ankawotcheredwa nyumba nkuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Gulu lililonse la anthu okumana pamudzi, lokhala ndi atsogoleri osankha lokha, lomakambirana za moyo wawo popanda tcheyamani wa nthambi ya chipani, linkaoneka ngati chiwembu. Mu 1976 Ambuye Kalilombe anakakamizika kutuluka m'dziko la makolo awo, ndipo mu 1979 anatula pansi udindo wawo, Ambuye Matthias Chimole nkulowa m'malo mwawo. M'chaka chimene anachokacho simunawerengedwe kalata m'matchalitchi yowaikira kumbuyo. Anakapitiriza maphunziro ku Berkeley, ku America, nakaphunzitsa ku Selly Oak mumzinda wa Birmingham, kumene anatsogolera likulu loyanjanitsa mipingo ya anthu akuda ndi ya azungu. Anabwerera kuno ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, nakaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba. Anamwalira mu 2012.

Tsono pitani ku mphakati wa kwanu sabata ino mukamvetsere. Pemphero lotsegulira, kuwerenga Uthenga Wabwino mothamanga, kenaka mlembi atulutsa kope. Mtulo. Masika. Chopereka cha seminale, cha galimoto ya parishi, cha mpanda wa tchalitchi, cha nsalu ya chikondwerero, cha mphatso ya alendo amene akubwera. Mphakati uliwonse wapatsidwa mlingo wake, ndipo umene walephera umatchulidwa pa zolengeza Lamulungu, anthu onse akumva. M'malo ambiri mayi wamasiye amene sanamalize mtulo amagona ndi nkhawa yoti akadzamwalira mwambo wa maliro ake udzayenda bwanji. Ine ndikuti ichi ndi chamanyazi. Gulu limene linakhazikitsidwa kuti wosauka akhale ndi mawu mumpingo lasanduka njira yofupika yofikira m'thumba mwake.

Ena andiyankha kuti mpingo suyenda ndi mapemphero okha, kuti thandizo la ku Ulaya linachepa, ansembe ayenera kudya, galimoto imafuna mafuta, ndiponso kuti Ambuye Kalilombe eni akewo ankalalikira mpingo wodzidalira. Zonsezi nzoona, ndipo sindikuuza munthu aliyense kuti aleke kupereka. Koma kudzidalira kumene iwo ankanena kunali ngati mafuwa atatu: mpingo wodzipezera zosowa zake, wodzitumikira wokha, ndi wofalitsa wokha Uthenga. Ife tatola fuwa limodzi, la ndalama, nkufuna kuti mphika ukhazikike pamenepo. Amene akupereka ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalama yapita, ndiponso wokana ngati ntchito imene yakonzedwa siyikuwathandiza. Ndi maparishi angati amene amabweretsa ndondomeko ya chuma ku miphakati isanavomerezedwe? Kawirikawiri chimatsika kuchokera kumwamba ndi chiwerengero chokha ndi tsiku lomaliza kupereka.

Mlandu si wa ansembe okha. Ife akhristu eni ake tinazolowera kunena kuti "abambo anena", nkukhala chete, kenaka nkumakang'ung'udza panjira pobwerera kunyumba. Mphakati umene umaona feteleza wotsika mtengo akugawidwa mwachinyengo m'mudzi mwawo, kapena mwana wa sukulu akukwatiwitsidwa, nkungoyimba nyimbo yotsekera, wataya chimene boma la Kamuzu linkauwopera.

Ndikupempha aepiskopi athu, makamaka a arkidayosizi ya Lilongwe imene Ambuye Kalilombe anayitsogolera, kuti ayitanitsenso sinodi ya akhristu a m'midzi yonga ya 1973, afunse anthu ngati miphakati ikuwathandiza. Alamule kuti parishi iliyonse izipereka lipoti la ndalama ku miphakati yake chaka ndi chaka, lolembedwa m'Chichewa chomveka. Aletse poyera mchitidwe wochititsa manyazi olephera kupereka, ndi womangiriza mwambo wa maliro ku khadi ya mtulo. Ndipo ku Kachebere ndi ku seminale ya St Peter's ku Zomba, mnyamata asadzozedwe unsembe asanawerenge buku lawo la Doing Theology at the Grassroots ndi kukhala miyezi ingapo pamphasa ya mphakati, akumvetsera osalalikira.