MAINA A M'BUKU LATHU: TABITA

Abale ndi alongo a m'Sosaiti, mwezi uno tafika pa dzina limene ambiri analimva ku chalichi, koma owerengeka okha ndiwo analipatsa mwana. Dzinalo ndi Tabita. Tikatsegula buku la mamembala, a Dorika timawapeza ndithu, makamaka pakati pa agogo amene anadza kuno m'masiku a Federation kapena anabadwira m'komboni nthawi imeneyo. Koma Tabita ngwosowa, ndipo pa ana obadwa zaka zino maina onse awiri alikuzilala. Cimene ambiri sadziwa ndi ici: Tabita ndi Dorika si anthu awiri ai. Ndi mai mmodzi, ndipo maina awiriwo tanthauzo lace ndi limodzi.

Tabita ndi mau a Ciaramu, cinenero cimene Ambuye Yesu ndi ophunzira ace analankhula kwao. Dorika ndi mau a Cihelene, cimene cinali cinenero ca malonda ndi ca m'madoko, monga Cizungu ciliri kwa ife. Onse awiri anena kanyama ka m'cipululu kofanana ndi nswala, koma kocepa thupi, ka miyendo yoonda ndi maso akuru. Kwa Ayuda kanyamaka kanali cizindikiro ca kukongola, ndipo ophunzira za nyama kufikira lero akacha Gazella dorcas. Tsono amene ayesa kuti dzinali litanthauza cifundo, kapena munthu wosoka, alakwa pang'ono. Cifundoco cinalowa m'dzina cifukwa ca mwini wace.

Nkhani yace iri m'buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 9, kuyambira ndime 36 kufikira 42. Ndime 7 zokha. Tikupemphani mukaiwerenge ndi maso a munthu wa Sosaiti, pakuti ife sitidziwa malo ena m'Cipangano Catsopano amene aonetsa nchito yathu poyera cotere. Maiyu anakhala ku Yopa, mudzi wa pa doko, umene lero uchedwa Jaffa ndipo uli mbali ya mzinda wa Tel Aviv. Anadwala, namwalira. Anzace anamsambitsa, namgoneka m'cipinda ca pamwamba. Atamva kuti Petro ali ku Luda, kumene lero ndi ku Lod, mtunda wa mamailosi ngati 11, anatuma amuna awiri kukamuitana kuti asacedwe. Kodi si zimene ticita ife? Amai asambitsa, ena akonza siwa, anyamata akwera njinga kunka ku mapurazi oyandikana, ngakhale tsopano lamya ya m'manja yawapeputsira ulendo.

Petro atafika anapeza akazi amasiye alikulira, ndipo anamuonetsa malaya ndi zobvala zimene Dorika anasoka akali moyo. Apa tiyenera kuima pang'ono. Sitiwerenga kuti wina anaimirira kufotokoza mbiri ya womwalira. Mbiri yace inali pa matupi a anthu. Ife pa maliro nthawi zina titaya ola lathunthu ndi zokamba, wa ku cimuna, wa ku cikazi, wa mpingo, wa purazi, dzuwa nkupendeka adzukulu ali cidikirire ku manda, ndipo zambiri zimene zinenedwa womwalirayo akadadzuka sakadazizindikira. Amasiye a ku Yopa anangotambasula nsaru.

Taonaninso zimene bukulo silinena. Silichula mwamuna wace, kapena mwana, kapena mbale ali yense. Palibe mau amodzi a pakamwa pace amene analembedwa. Komatu odziwa Cihelene atiuza kuti m'Cipangano Catsopano conse ndi iye yekha amene anachulidwa ndi mau akuti wophunzira mwa kanenedwe ka cikazi. M'makomboni mwathu muli amai otere, amene amuna ao anatsogola, ana anabalalika pamene mapurazi anasintha eni kuyambira caka ca 2000, ndipo kumudzi ku Dedza kapena ku Tete palibenso wowakumbukira. Akamwalira, wowasambitsa ndi mnansi. Makolo athu poyamba kusonkha ndarama mwezi ndi mwezi anaganizira anthu otere.

Zotsatira zace muzidziwa. Petro anaturutsa onse, nagwada, napemphera, ndipo maiyo anatsegula maso nakhala tsonga. Sosaiti yathu siinaukitsepo munthu, ndipo m'malamulo athu mulibe lonjezo lotere. Gawo lathu ndi lija linacitika Petro asanafike. Koma cimodzi tacisunga. Ngakhale amasiye aja achulidwa pamodzi ndi dzina la Dorika, Petro pomdzutsa anamuitana ndi dzina la kwao, la Tabita.

Ticenjeze pano za kusokoneza kumene timamva kawiri kawiri. Tabita si Talita. Talita ndi mau amene Ambuye ananena podzutsa mwana wa Yairo, wa zaka 12, m'buku la Marko mutu 5, ndipo atanthauza kamtsikana. Asiyana cilembo cimodzi cokha, onse ndi a Ciaramu, ndipo onse ali pa nkhani ya kuuka. Nkosadabwitsa kuti alembi a ku chalichi ndi a boma amawasinthanitsa.

Nanga bwanji Dorika anacuruka, Tabita nasowa? Cifukwa cacikuru ndi mabungwe a amai. M'zaka za ma 1800 amai a mipingo ya ku Britain ndi ku Amerika anayamba kukomana kusokera osauka zobvala, nadzicha a Dorcas. A Seventh-day Adventist anayamba lao ku Battle Creek, Michigan, m'caka ca 1874. Mpingo umenewo unafika ku Solusi, pafupi ndi Bulawayo, mu 1894, ndi ku Malamulo, ku Thyolo, mu 1902, ndipo amai a Dorika tiwadziwa tonse, pakuti pa maliro ambiri ndiwo ayamba kufika ndi ufa ndi nkhuni. Dzina lomveka sabata ndi sabata silicedwa kulowa m'nyumba. Koma comweco cinalikalambitsanso. Mtsikana wa lero akamva Dorika aona agogo obvala duku, ndipo safuna kuti mwana wace achedwe dzina la bungwe.

Tabita anayenda njira yina, yoseketsa pang'ono. Ku Amerika dzinali linali losowa kufikira 1966, pamene m'sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa Bewitched munabadwa mwana wamkazi wa dzina limeneli. Makolo ambiri analikonda, ndipo linakwera kwa zaka zingapo lisanayambenso kutsika. Koma amace a mwana wa m'seweroyo anali mfiti! Dzina la wophunzira wa Ambuye kuukitsidwa ndi mwana wa mfiti, zoterezi nza Azungu okha. Kwathu kuno mphepo imeneyo siinaombe, ndipo Tabita anatsalira m'buku.

Ana a m'komboni tsopano ndi a Nyasha, a Tariro, a Rutendo, a Blessing ndi a Precious. Ife sititsutsa. Nyasha ndi Cisomo yemweyo, Tariro ndi Ciyembekezo, ndipo tidziwa kuti makolo ena asankha dzina la Cishona kuti mwana asalozedwe cala ku sukulu ndi kunenedwa Mubhurandaya. Amene analawapo mnyozo umenewo sangaweruze mnzace. Tingonena kuti Tabita saulula mtundu wa munthu. Mcewa, Mshona, Mndebele ndi Mzungu onse alichula bwino osapotoza lilime, nlalifupi pa citupa, ndipo mwana akadzafunsa tanthauzo lace muli ndi nkhani yomuuza. Mbale amene alikuyembekezera mphatso m'nyumba aliganizire.

Catsala ndi ca mlembi wathu, ndipo ncimene catikakamiza kulemba za dzinali. Luka polemba nkhaniyi anaika maina onse awiri pamodzi, kuti wa Ciaramu ndi wa Cihelene onse adziwe kuti anena yani. Ife tiri anthu a maina awiri, ena atatu. Pali la kubadwa limene anacha agogo, pali la ubatizo, pali limene anapatsa mwini purazi kapena foromani cifukwa lenilenilo linamkanika, ndipo pali limene kalaliki analemba pa citupa monga analimvera. Munthu ali moyo zonsezi sizibvuta, pakuti akaitanidwa abvomera. Tsiku la maliro ndipo ziturukira. Ku ofesi ya boma cikalata ca kuika maliro cilembedwa m'dzina la pa citupa. M'buku lathu muli Dorika, pa citupa pali Dorcas kapena Tabitha, mfunda nayonso yasiyana, ndipo msungi cuma sangaturutse ndarama za bokosi kufikira komiti itsimikize kuti ndi munthu mmodzi. Pamenepo mtembo uli m'nyumba, ndipo mwezi wa October sudikira komiti.

Malamulo akuru a dziko a 2013 anabvomereza kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe caka cimeneco cisanafike, wokhala kuno, amene kholo lace linali la ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndi mbadwa ya dziko lino. Ambiri a ife tinapita kukasintha zitupa, ndipo ena anabwerako ndi dzina lolembedwa mosiyana ndi la m'buku la Sosaiti, osauza mlembi.

Cifukwa cace pa msonkhano ulinkudza membala ali yense adze ndi citupa cace, ndi ca mkazi kapena mwamuna wace, ndi makalata a kubadwa a ana amene ali nao. Mlembi adzalemba dzina la pa citupa poyamba, cilembo ndi cilembo, ndipo pambali pace dzina limene anthu amuitana m'komboni, ndi la kwao ngati liripo, pamodzi ndi mudzi ndi mfumu. Agogo amene sangathe kuyenda, oimira purazi lao adzawayendera ku nyumba.