Musandifunse nambala ya chipolopolo

Lachiwiri lina mwezi wathawu ndidali pa msika wa Dzaleka kukaoda nsalu. Ndili pakumwa tiyi wa chapati, adanditulukira mnzanga wina wa geni yogula soya ndi mtedza m'mapiri a Ntchisi. Mkuluyu adali asadachire bwino. Achifwamba adamutchingira madzulo ena akupita kogula mbewu, adamutema paphewa ndi chikwanje nkumulanda mpamba wonse.

"Achimwene, ine ndatopa," adatero atakhala pansi. "Ndikukapempha chiphaso cha mfuti. Inu mumawerenga, tandiuzeni, ndigule 9mm, .38 kapena .45? Akuti .45 ukangoombera kamodzi munthu sadzukanso."

Sindidamuseke ayi. Munthu woti wakhetsa magazi nkutaya ndalama za thukuta lake sasekedwa. Koma funso lakelo ndi lomwenso ndimamva kwa anyamata a m'makoleji akamatsutsana kuti apolisi athu apatsidwe mfuti zikuluzikulu kuti mbava ziziopa. Tsono lero ndati ndiyankhe onse pamodzi, ndipo yankho langa ndi lakuti abale, tikufunsa funso lolakwika.

Tiyambe ndi manambalawa, poti ambiri amangowatchula osadziwa tanthauzo lake. Nambala ija imangonena kunenepa kwa chipolopolo basi. Cha 9mm nchonenepa mamilimita 9. Cha .45 chimapitirira pang'ono mamilimita 11. Cha .40 ndi mamilimita 10. Nanga .38 ija? Mudabwa, kunenepa kwake nkofanana ndi 9mm yomweyo, dzina lokha ndilo losiyana. Tsono tamverani ichi: chipolopolo cha AK-47 ndi cha mamilimita 7.62, choonda kuposa zonse ndatchulazi. Koma ndani mwa inu anganene kuti AK-47 ndi kamfuti kofooka? Mphamvu yake ili pa wonga wambiri umene umachikankha. Chimathamanga mamita oposa 700 pa sekondi imodzi, pamene cha 9mm chimathamanga pafupifupi theka la liwiro limenelo. Ndiye munthu wosankha mfuti poyang'ana nambala ali ngati wogula minibasi poyang'ana utoto.

Mkangano umenewu anzathu a ku America adaupita kale, ndipo udawadyera ndalama zambiri. Mu 1986, mu mzinda wa Miami, apolisi a FBI adaomberana ndi achifwamba awiri ndipo apolisi awiri adafera pomwepo. Akuluakulu adaloza chala chipolopolo cha 9mm kuti nchochepa mphamvu. Adasamukira ku 10mm, koma mfutiyo idali kukankha dzanja kwambiri moti ambiri adali kulephera kuigwira bwino. Kenaka adapita ku .40. Patatha zaka pafupifupi 30, mu 2014, a FBI omwewo adalemba kuti ndi bwino kubwerera ku 9mm. Chifukwa chake? Adapeza kuti pa zipolopolo 10 zimene wapolisi amaombera zinthu zikavuta, 7 kapena 8 zimaphonya. Adaonanso kuti chimene chimagwetsa chigawenga ndi pamene chipolopolo chalasa, osati kunenepa kwake. Mfuti yosakankha kwambiri ndiyo munthu amalasa nayo bwino.

Taganizani bwino za nambala imeneyi. Awa ndi apolisi a dziko lolemera, amene amaphunzira kuombera kawirikawiri, koma zipolopolo zambiri zimaphonyabe. Funso langa ndi ili: zophonyazo zimapita kuti?

Funso limeneli ndidalifunsa ndikuyang'ana msika wa Dzaleka womwewo. Malo amenewa adali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu, ndipo mu 1994 adasanduka kampu ya anthu othawa kwawo. Adakonzera anthu apakati pa 10,000 ndi 12,000, koma chiwerengero chidapyola 50,000. Mu 2023 boma lidatolanso othawa kwawo amene amachita geni m'matauni nkuwabweza komweko. Nyumba zake nza njerwa zosaotcha, zothithikana, njira zake zoti anthu awiri apatukirane. Tsiku la msika pamadzaza amayi a tomato ochokera m'midzi ya Dowa, akabaza, ana ndi ogula a ku Lilongwe. Pamalo otere kuseri kwa wakuba aliyense kuli mwana wa mwini. Chipolopolo cha mfuti yayitali chingathe kuboola chitseko, kudutsa khoma lopyapyala nkukapeza gogo akupeta mpunga amene sadamve nkomwe kuti kunja kuli phokoso. Ndipo zimenezi si za Dzaleka yekha. Ku Ndirande, ku Mchesi, ku Chibavi, kathithikanidwe kake nkomweko.

Nchifukwa chake ine ndikuti wapolisi woyendayenda mu msika kapena mu lokeshoni safunika mfuti ya kunkhondo paphewa. Ngati pakufunikadi mfuti, apatsidwe pisito ya 9mm yokhala m'chikwama chake m'chiuno, manja onse awiri akhale omasuka kugwira ndodo, unyolo ndi wailesi ya mauthenga. Sindikunena kuti pisito siipha munthu wosalakwa, imapha ndithu. Koma siifika kutali ngati mfuti yayitali, ndipo siikhala m'manja nthawi zonse kudikira mtima wa munthu kuti upse. Wina ati, nanga zigawenga zikabwera ndi AK-47? Zoona, zimenezo zilipo, ndipo gulu lapadera lophunzitsidwa bwino likhale nazo mfuti zazitalizo. Koma usamaphe nsikidzi potentha nyumba.

Chachikulu koposa ndi maphunziro. Ndalama zimene tingawononge pogula mfuti zamphamvu zipite ku zipolopolo zophunzirira, ndi kuphunzitsa wapolisi nthawi yoyenera kusaombera. Mfundo za bungwe la United Nations zimene adagwirizana ku Havana mu 1990 zimati mfuti igwiritsidwe ntchito pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi ndipo njira zina zakanika. Ife tidaona zotsatira za kuiwala mfundo imeneyi pa zionetsero za pa 20 July 2011, pamene anthu 20 adafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Palibe mayi amene adaika mwana wake m'manda nthawi imeneyo nkufunsa kuti chipolopolo chidali cha mamilimita angati.

Tsono ndibwerere kwa mnzanga wa soya uja, ndi kwa inu nonse a geni amene mukuganiza ngati iye. Lamulo la mfuti la 1967 limalola munthu kupempha chiphaso ku polisi, ndipo sindikuti wopempha walakwa. Koma ndidamufunsa kuti, "Akulu, tsiku adakutemanilo adalipo angati?" Adati anayi. "Mudawaona ali patali bwanji?" Adati sadawaone nkomwe, adangozindikira chikwanje chatera. Ndiye ndidati, "Mukadakhala ndi .45 m'chiuno, lero ikadakhala m'manja mwa yani?" Adangoti zii, kuyang'ana m'kapu.

Apa ndiye pagona nkhani. Wachifwamba amasankha yekha nthawi ndi malo, iwe umangodzidzimuka. Mfuti ya munthu wodzidzimuka, wosaphunzira, mumdima, kawirikawiri imathera kwa wakubayo, ndipo mawa adzaopsezera nayo mnzako. Ikapanda kubedwa imagona pansi pa pilo, pamene mwana angaipeze, kapena imatuluka tsiku limene mwakangana ndi mlamu pa ngongole. Ndipo ukaombera munthu amene akuthawa, kapena ukalasa wodutsa, khoti silikafunsa kuti udaberedwa zingati chaka chatha.

Dziko lino lidalawako kale kuchuluka kwa mfuti. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ma AK-47 adalowa m'malire athu ndipo eni magolosale a nthawi imeneyo akukumbuka m'mene amagonera. Mu December 1993 asilikali adachita kulanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani. Kulowetsa mfuti pakati pa anthu nkosavuta, kuzitulutsa ndiye ntchito. Ngati mukukayika, kafunseni anzathu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda amene ali pa Dzaleka chimene chidawachotsa kwawo.

Kodi ndiye wa geni angokhala manja lende? Ayi. Chimene achifwamba amatsata ndi ndalama za m'thumba. Zisungeni ku banki kapena pa foni, muzitapa pang'onopang'ono pa Mponela kapena pa boma la Ntchisi molingana ndi katundu wa tsikulo. Ndikudziwa alimi ambiri amafuna ndalama yogwirika, koma si chifukwa chonyamulira mpamba wonse ulendo umodzi. Yendani awiri kapena atatu, dzuwa lisadalowe, ndipo musamalengeze ku bawo tsiku limene mukupita. Dziwanani ndi mafumu ndi a chitetezo cha m'mudzi kumene mukugulako. Mutu umodzi susenza denga.

Mnzanga uja sadandiyankhe kuti wamva kapena ayi. Adalipira tiyi wa tonse awiri, nkudzuka akugwira phewa lake. Ngati adzapitebe kukapempha chiphasocho, ufulu ndi wake. Changa nchakuti wakutsina khutu ndi mnansi: musadafunse nambala ya chipolopolo, yambani mwafunsa kuti kuseri kwa munthu mukufuna kuomberayo kwaima ndani.